Faifi Naini kwa Munthu wa Kwathu

Ine ndinabadwira m'komboni, pa pulazi ya fodya kufupi ndi Mhangura, cha kumpoto kwa Harare, ndipo ku Malawi sindinapondeko phazi. Bambo anga anachokera cha ku Ntcheu. Anabwera wapansi akadali anyamata, nakalambira m'mabani a fodya, ndipo anamwalira osatisiyira ngakhale dzina la mudzi. Tikawafunsa ankangoti, "Kwathu n'kuseri kwa phiri." Phiri lake liti, abale? Ku Ntcheu ndimamva kuti mapiri ali mbwee.

Chimene anandisiyira ndi chilankhulo basi. Ndinkachilankhula ndi iwo, ndi mayi, kenako ndi mkazi wanga, amenenso anali mwana wa m'komboni. Onsewa anapita. Pulazi itasintha eni, anthu a m'komboni anabalalika, ena ku Chinhoyi, ena kukakumba golide, ndipo ine ndinatsala chifukwa ndine ndimadziwa matenda a pampu ya kudamu. Ana anga awiri ali ku Joni, wina ali ku Ruwa, kufupi ndi Harare. Akaimba foni amalankhula Chishona, ndipo ndikawayankha m'Chichewa adzukulu amaseka cha kumbuyo, amvekere, "Sekuru ayamba zija." Tsiku lina ndili kudamu ndinazindikira kuti mwezi wathunthu wadutsa, ndipo Chichewa ndachilankhula ndi mbuzi zokha. Ndinakhala pa paipi, mtima unandiwawa kwambiri.

Chimene ndinkafuna sichinali chachikulu ayi. Ndinkafuna munthu wa ku Malawi kwenikweniko andimve ndikulankhula, andiuze ngati ichi ndili nacho m'kamwamu chikadali Chichewa, kapena changokhala phala la zilankhulo zitatu. Mudzati, bwanji osangoimba foni? Kuimbira yani? Foni imafuna nambala, ndipo ine nambala ya kuseri kwa phiri ndinalibe.

Za wailesi ndinaziphunzira mwangozi. Injini ya pampu itapsa, ndinapita nayo ku Mhangura kwa mdala wina wa Chishona amene anali wamagetsi pa mgodi usanatsekedwe. M'chipinda chake cha kuseri munali bokosi lachitsulo likungoti fwaaa, ndipo pakati pa phokosolo munkatuluka mawu a anthu. Ndinaganiza kuti ndi nkhani za pa wailesi wamba. Ndiye mdalayo anatenga maiki, nadina batani, n'kuyankha munthu wa m'bokosiyo, munthuyo n'kumuyankhanso! Ndinatsala pang'ono kugwetsa injini paphazi.

"Ameneyo ali ku Kitwe," anatero mdalayo. "Palibe foni, palibe waya wa kampani. Mawu akuchoka pa waya uli pamtengo panjapo, akukagunda kumwamba, n'kugwera kwa iye. Tseka pakamwa, Achimwene, ntchentche zilowamo."

Achimwene ndi mmene a Chishona amatitchulira tonse a ku Malawi, ngakhale ife amene Malawiyo sitinamuone. Nthawi zina dzinalo limaluma, koma kwa mdala uyu silinkaluma. Ndinamufunsa ngati bokosi lakelo lingafike ku Malawi. Anati ku Malawi ndi pafupi, masana enieni limafika, vuto ndi lakuti anthu a mawailesi otere kumeneko ndi owerengeka. Anandiuza kuti aliyense pa mphepo ali ndi dzina la zilembo ndi manambala limene boma limapereka, ndipo chiyambi cha dzinalo chimanena dziko. "Ukadzamva dzina loyamba ndi seveni-kyu, ameneyo ndiye wa kwanu."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkakwera njinga kupita kwa iye. Munthu wovuta ngati ameneyo sindinamuonepo! Miyezi iwiri yathunthu sanandilole kukhudza maiki. Ankati wailesi ndi makutu, pakamwa n'pongothandizira. Uyambe wamvetsera. Ukapeza malo opanda phokoso usathamangire, funsa kaye ngati pali munthu, chifukwa mwina alipo wina amene iwe sukumumva koma mnzake akumumva. Zimenezo sizinandivute kumvetsa, ndi odi chabe, ndipo ife odi tinayamwira. Pakapanda woyankha ndiye uitane kuti si-kyu, kutanthauza kuti aliyense amene akumva ayankhe, utchule dzina lako la pa mphepo, uti ova, kutanthauza kuti wamaliza, n'kuchotsa chala pa batani.

Pa chala pomwepo ndi pamene tinayambana. Tsiku loyamba kundipatsa maiki, iye ali pambali, mzungu wina wa ku Polokwane anayankha. Ine ndinachita mmene munthu woleredwa amachitira. Ndinamupatsa moni, ndinafunsa za amayi kunyumba, za ana, za mvula, ndinayamba kufotokoza mmene ife tadzukira. Mdala anandimenya padzanja, phaa!

"Iwe! Ukadina batanilo sumva kanthu, ndipo mnzakoyo sangalankhule. Ukufunsa mafunso asanu munthu utamutseka pakamwa? Muno si pa maliro!"

Ndinakwiya, ndinakwera njinga osatsanzika. Koma Loweruka linalo ndinabwerera, chifukwa ankanena zoona. Anandilembera kapepala m'Chingerezi: dzina langa la pa mphepo, kumene ndili, mmene ndikumumvera mnzangayo, kuthokoza, ndi kutsanzika. Ngati ukumumva bwino kwambiri umati faifi naini. Potsanzika umati sevente-firii, ndiye kuti mafuno abwino. Za ndale ayi, za malonda ayi, kutukwana ayi. Ndipo lamulo limene ankalibwereza ngati pemphero linali lakuti anthu awiri akamacheza, usawadule. Udikire amalize.

Mayeso ndinakalemba ku Harare ndipo ndinakhoza, ine amene sukulu ndinasiyira panjira. Maso a mdala uja atayamba kuchita khungu, mwana wake wamkazi anabwera kudzamutenga kuti azikakhala ku Chinhoyi, ndipo bokosi lija anandisiyira. Ndinamanga waya pakati pa mabulugamu awiri kuseri kwa nyumba, ndinatenga batire yakale ya thirakitala, kapepala kaja ndinakamata pakhoma.

Ndinalankhula ndi anthu ambiri, ndisaname. A ku Joni, a ku Zambia, wina wa pa chilumba cha m'nyanja yaikulu. Anthu aulemu ndithu, koma nkhani zake ndi za nyengo ndi za mawaya, ndipo ukazimitsa bokosi nyumba imakhala zii kuposa poyamba. Kawiri konse ndinamva seveni-kyu, koma anali azungu odzacheza ku Malawi, dziko lonse likuwakuwira ngati pa msika wa mabelo a kaunjika. Dzinja linadutsa katatu ndikudikira. Ndinkadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Linali Lamulungu la mu Ogasiti, kukuwomba mphepo ya fumbi. Nditabwera kutchalitchi ndinavula jekete, ndinayatsa bokosi, n'kumapotokola pang'onopang'ono. Ndiye ndinamumva. Munthu wamkulu, wa mawu odekha, akuitana si-kyu, dzina lake loyamba ndi seveni-kyu. Chingerezi chake chinali cha bambo anga chenicheni, mawu aliwonse akuthera mofewa. Uyu sanali mlendo ayi. Ndipo panalibe womuyankha. Anaitana kachiwiri, kachitatu, ali yekhayekha ngati ine.

Ndinadina batani, ndinatchula dzina lake, ndinatchula langa. Nditachotsa chala panamveka fwaaa pang'ono, kenako anabwereza dzina langa lonse osaphonya chilembo. Anati akundimva bwino. Anati ali kufupi ndi Dedza, ndi mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo wailesi yake yangokonzedwa kumene. Zonsezi m'Chingerezi. Kenako anafunsa kuti, "Mhangura ili mbali iti? Ndimamva kuti m'mapulazi a kumeneko muli anthu ambiri a kwathu kuno. Ova."

Taonani, munthu wanditsegulira chitseko mpaka kukhoma. Zimene ndikanamuuza ndinali nditazikonza zaka zitatu, pa njinga, kudamu, pamaso pa mbuzi. Ndinadina batani. Ndipo maso anga anapita pa kapepala ka pakhoma.

Kuti mumvetse uchitsiru umenewu muyenera kudziwa mmene tinaleredwera. M'komboni Chichewa chinali cha m'nyumba. Ukatuluka pageti ya pulazi, unkachisiya pomwepo. M'basi, kusukulu, pamzere wa zitupa, bambo ankatitsina tikayamba kulankhula chakwathu. Ankati, "Pagulu usadzionetse. Wakufunsa mlendo, yankha mwachidule, upite." Ankadziwa chimene ankanena, chifukwa mawu akuti mubwidi, munthu wopanda mudzi, tinawamva kokwanira. Ndiye tsiku limenelo, maiki ali pakamwa, ndinakumbukira kuti pa mphepo pamamvetsera aliyense, a ku Harare, a ku Joni, alimi a mapulazi oyandikana nafe. Ndinaona ngati ndaimirira m'basi yodzaza. Lilime linachita zimene linaphunzitsidwa ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinamuuza m'Chingerezi kuti Mhangura ili kumpoto kwa Chinhoyi. Ndinati ndikumumva faifi naini. Ndinathokoza, ndinati sevente-firii, ndinati ova. Za anthu a kwathu sindinayankhe n'komwe.

Mphunzitsi uja anathokoza, nati sevente-firii, natchula maina athu awiri monga mwa lamulo. Ndipo asanachotse chala anawonjezera, motsitsa mawu, m'Chichewa choyera, "Tsalani bwino, bambo."

Mayo ine! Kaya anandizindikira ndi kalankhulidwe, kaya amatero kwa aliyense, sindikudziwa mpaka lero. Ndisanabwerere m'maganizo, mzungu wina wa ku Durban anali atamuitana kale, ndipo anayamba kucheza. Anthu awiri akamacheza usawadule. Ndinakhala pa mpando, maiki ali m'manja, ndikudikira ngati mwana wotumidwa amene wapeza akulu ali pa nkhani. Anakamba za mawaya. Anakamba za mabatire a dzuwa. Wa ku Durban uja anafotokoza za bondo lake lonse, mmene linayambira kupweteka ndi zimene adokotala ananena. Ndinamutukwana mumtima munthu wosalakwa. Dzuwa linapendeka, mawu a ku Dedza anayamba kuzilala, kubwera, kuzilala. Kenako ndinangomva akuti akutseka, kwabwera alendo. Ndinaitana msangamsanga, kasanu, kasanu ndi kamodzi. Kunangoti fwaaa.

Sabata yomweyo ndinakwera kombi kupita ku Chinhoyi kukamuuza mdala uja. Ndinapita ndi mkwiyo, ndinkafuna kumuuza kuti malamulo ake andidyera munthu. Anamvetsera atatsinzina, monga mwa chizolowezi chake, kenako anapukusa mutu.

"Achimwene, ndinakuuza liti kuti chilankhulo chako n'choletsedwa? Dzina lokha ndi limene umatchula kuti aliyense amve, zinazo lankhula chimene mukumvana. Ndipo pakati pa ova ndi ova pamakhala kampata. Ukanangotchula dzina lako kamodzi pamenepo, akanakulowetsa. Kumeneko si kudula anthu, n'kugogoda."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Sunafunse. Kapepala kaja ndinakulembera kuti uyambirepo, osati ukwatire."

Ndinamwa tiyi wa mwana wake, ndinabwerera ndi kombi ya madzulo.

Papita zaka ziwiri tsopano. Lamulungu lililonse ndikachoka kutchalitchi ndimakhala pa malo omwe aja a pa wailesi. Ndimamvetsera, ndimafunsa ngati pali munthu, ndimaitana. Masiku ano ndikatha kutchula dzina ndimawonjezera m'Chichewa kuti, "Kodi kumudzi kuli wina akundimva?" Amve a ku Harare, amve alimi, ndilibe nazo ntchito, manyazi anandithera tsiku lomwe lija. Mphunzitsi wa ku Dedza sindinamumvenso. Mwina wailesi yake inawonongekanso, mwina anasamuka, mwinanso anatisiya, pakuti mawu ake anali a munthu wamkulu. Ana anga akuti ndipite ndikakhale ku Ruwa, ndimawauza kuti pampu ikufuna munthu.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale mdala uja sindinamuuze. Pamene mphunzitsiyo anati tsalani bwino, ine ndinamuyankha. Ndinayankha mokweza ndithu, m'Chichewa cha bambo anga, kuti, "Pitani bwino, achimwene, moni kwa onse kumudzi." Koma batani ndinali ndisanadine.