Chikwama cha Malaya Anayi

Malire atatsekedwa chifukwa cha Covid, ife a mu Perth, ku Australia, tinakhala ngati nkhuku za m'khola: chakudya chilipo koma potulukira palibe. Ine ndinkagwira ntchito ya unamwino pa chipatala chachikulu ku Nedlands, ndipo tchuthi chimene ndinasungira ulendo wa ku Lilongwe chinangothera kuchapa makatani.

Kutchalitchi kwathu ku Girrawheen kunali bambo ena achikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anabwera kudzacheza kwa mwana wawo wamkazi kwa miyezi itatu yokha. Ndege zitasiya kuuluka, anatsakamira konkuno. Mwana wawoyo ankasamalira okalamba, mashifiti osatha, ndiye bambowo ankangobindikira pakhomo. Lamlungu lina titaweruka, anandipeza ndikutsekula galimoto.

"Mayi namwino, chaka chatha ndili mumzinda uno, koma msewu umene ndikuudziwa ndi wa kutchalitchi wokha. Simungandionetseko malo?"

Munthu wamkulu sumukanira. Tinapangana Loweruka.

Ndinawapeza ataima kale pageti, jekete yosita bwino, m'manja muli chikwama chakuda chofufuma. Ndinawafunsa ngati atenga kamba wa paulendo. Anangoseka n'kuchiika pamiyendo, osalola kuti chipite kubuti.

Tinayambira ku Kings Park, pamwamba pomwe mzinda wonse umaoneka, nyumba zazitali zochepa zija ndi mtsinje wa Swan uli tambalale mmunsi. Alendo ochokera kunja kunalibe, anthu oyenda ndi agalu awo basi. Ndinawaonetsa mlambe umene anachita kubwera nawo pa lole kuchokera kumpoto. Anauzungulira kawiri, n'kuugogoda ndi chala.

"Mlambe wokwera lole? Anthu awa ndi ochenjera, tisamale nawo."

Ndinawajambula pamenepo ndi foni yawo. Kenaka anapempha kupita kuchimbudzi, chikwama chili m'khwapa. Potuluka anali atavala malaya ena, obiriwira, jekete atavula. Ndinaganiza kuti mwina amva kutentha. Koma titatsikira ku Crawley, pa kanyumba ka buluu koima pamadzi komwe kale anthu ankapanga mzere pofuna kujambulitsa, anandiuza kuti ndiyang'ane kumbali, n'kusinthanso malaya m'galimoto momwemo.

Ndinayamba kukayika. Munthu amene akungofuna kuona malo asinthiranji zovala ngati mkwatibwi?

Chimene chinandisokoneza kwambiri chinachitika pa yunivesite. Iwo ndi amene anapempha kuti tiime. Tili pa kapinga moyang'anana ndi nsanja ya wotchi, anatulutsa malaya achinayi, oyera, ndi taye, magalasi, failo ya mapepala, komanso chingwe chija anthu amakolekera chiphaso cha kuntchito m'khosi. Kumapeto kwa chingwecho kunali khadi yokwerera basi, ataitembenuza.

"Jambulani kuti nyumbayo ioneke yonse. Ine ndikhale ngati ndikutuluka mmenemo."

Ndinajambula, koma monyinyirika. Masiku amenewo pagulu lathu la pafoni ankachenjezana za anthu onamiza abale kumudzi kuti awapezera sukulu kapena ntchito kunja. M'maganizo mwanga ndinaona kale chithunzicho chikuzungulira ku Area 25 ndi ku Kawale, makolo akugulitsa mapuloti, ndipo wina akufunsa kuti anajambula ndani. Pobwerera iwo ankayamikira misewu, ine ndinkangoti "eya, bambo," maso ali pa chikwama.

Sabata yonse nkhaniyi inandidya. Ndinakumbukira kuti pakhomo pa kafe ina imene tinamwamo tiyi tsiku lija, pomwe aliyense ankalembetsa dzina kuti akamufufuze matenda akabuka, iwo analemba papepala ataphimba ndi dzanja. Ndinakumbukira kuti foni yawo ikalira ankapita patali. Kanthu kalikonse kanasanduka umboni. Kuuza mwana wawo ndinkaopa, poti kuneneza kholo la mnzako si nkhani yamasewera. Kukhala chete ndinkaopanso.

Lamlungu lotsatira anabweranso pagalimoto, akumwetulira.

"Loweruka lino tikaone nyanja ku Cottesloe. Komanso mundidutsitse kuchipatala kwanu kuja, ndikajambulitse pakhomo."

"Bambo, mundikhululukire," ndinatero. "Zithunzi zija zikupita kwa ndani? Ngati pali anthu amene mukuwalonjeza malo a sukulu, ine ndisakhalemo."

Nkhope yawo inagwa. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali amene wamva, kenaka anatsamira galimoto.

"Ndiye mwandiyesa wakuba?"

Anapitiriza motsitsa mawu.

"Mwana wanga, ine ndaphunzitsa zaka zambiri. Kwathu ndikamadutsa, anthu amavula chipewa. Tsopano anzanga amene tinapuma nawo akuti ndinapita ku Australia kukatsuka mbale za mkamwini. Ndipo sakunama, ndikutsukadi. Ndiye ndinawauza kuti ndikuchita maphunziro apadera. Malaya aja n'kuti aziona ngati ndi masiku osiyanasiyana. Ndimatumiza chimodzi pa sabata."

Ndinachita manyazi, koma kukayika sikunachoke konse.

"Nanga palibe amene wakupemphani kuti mumuthandizire mwana wake?"



"Alipo awiri. Sindinawayankhe."

"Muwayankhe, bambo. Muwauze kuti simungathe."

Anati aganiza. Ine ndinawauza kuti kunyanja tipita, koma kuchipatala ayi, ndipo chingwe chija chitsale kunyumba.

Ku Cottesloe tinapitadi. Anabwera chimanjamanja, atavala malaya amodzi, ndipo ulendo wonse sanalankhule zambiri. Anavula nsapato, napinda thalauza, n'kuima m'madzi ozizira mpaka m'mawondo. Atalawa madziwo ndi chala analavula, n'kunena kuti ana asukulu anawaphunzitsa zaka zonsezi kuti nyanja zazikulu n'zamchere koma iwo eni anali asanalawepo. Sanapemphe chithunzi, inenso sindinafunse.

Kuchokera pamenepo moni wathu unafupika. Kutchalitchi ankandigwira chanza ndi nsonga za zala. Ngati anawayankha anthu awiri aja, sindinamve, ndipo kangapo ndinafufuza mwakachetechete kwa msuweni wanga ku Lilongwe ngati waonapo chithunzi cha bambo a taye pa yunivesite ya kuno. Anati sanaonepo.

Malire atatsekulidwa anakwera imodzi mwa ndege zoyambirira. Mwana wawo anandithokoza pagulu la amayi kuti ndine ndekha amene ndinawayendetsa bambo ake mumzinda. Patapita miyezi anandiuza akuseka kuti kumudzi anthu ayamba kuwatchula kuti adokotala, ndipo iye sakudziwa kumene dzinalo lachokera. Ndinaseka naye pang'ono, kenaka ndinamufunsa za mashifiti ake.