Nsomba Yosayanjana ndi Kumtunda

Nditabwerera kwathu ku Ntchisi kuchokera kunja kwa dziko lino, ku Kepi, manda a bambo anali atamera kale udzu. Uthenga wa matenda awo ndinaulandira, wa maliro ndinaulandiranso, koma ndinkangoti ndipita mwezi wamawa. Mayi sanandifunse chimene chinanditchonetsa. Anangofunsa ntchito imene ndinkagwira.

Ndinawauza kuti ndinkadula mitu ya nsomba ya m'nyanja ya mchere, imene kumeneko amati heki. Anafuna kudziwa maonekedwe ake, ndipo ine, pokondwa kuti tapeza nkhani yopepuka, ndinayamba kulongolola. Ndinati ndi yaitali, yotuwa kumsana, yoyera kumimba, ya maso aakulu ndi mano osongoka ngati singano. Masana imakhala pansi penipeni kumene dzuwa silifika, ndipo usiku imakwerako kukasaka tinsomba, osasiya ndi ana a mtundu wake womwe.

"Nanga akaivuula?" anafunsa mayi, akutonola chimanga, osandiyang'ana.

Ndinati imafika pamwamba maso atatong'oka, chifu chitatulukira kukamwa, chifukwa inazolowera madzi akuya ndipo kumtunda sikuiyanja.

Mayi anamaliza kutonola, n'kuponya chitsononkho pambali.

"Ndiye mwalimba mtima inu, kukwera mapiri athu ano," anatero mofatsa. "Musakhalitse, kungakupwetekeni."

Ndikanakonda akanandikalipira, kapena kundigenda ndi chitsononkhocho. Chibadwire changa ndinali iwe pakamwa pa mayi, ndipo tsiku limenelo ananditchula kuti inu, ngati mlendo wodutsa amene wapempha madzi akumwa.