Amayi Chete, Amene Sankayamba Kupereka Moni

Mu mpingo muno tinkawatchula Amayi Chete, ndipo sikunali kuwayamikira. Anabadwira m'banja la telala. Ali mwana ankakhala pafupi ndi makina a bambo awo, kumva madandaulo a odzasoketsa, koma sanatulutsepo nkhani panja. Atakula anaphunzira za maganizo a munthu, nalembedwa ntchito ya uphungu pa koleji.

Chipinda chawo chinali kuseri kwa laibulale: mipando iwiri, jagi ya madzi, khomo loyang'ana kumpanda. M'mawa uliwonse ankagwada kupempherera amene akhale pa mpando winawo tsikulo. Olephera mayeso, oferedwa, ofuna kudzipha, aliyense ankamuuza kuti, "Tikakumana panja sindikupatsa moni, mwanangu, anthu angadziwe kuti unabwera kuno. Ukafuna, uyambe ndiwe." Ife powaona akudutsa achinyamata ngati mitengo, tinkati sukulu yawalowa m'mutu.

Chaka china mtsikana wa m'kwaya yathu anawaululira kuti mphunzitsi wina anamugwirira, nawapempha akulira kuti asamutchule. Amayi Chete anakanena za mphunzitsiyo kwa mkulu wa koleji.

"Dzina la mtsikanayo, amayi," anatero mkuluyo. "Apo ayi, mwangopeka."

"Dzinalo si langa, bwana. Anangondisungitsa."

Anawachotsa ntchito ngati munthu wabodza. Mphunzitsi uja ankatsogolera mapemphero pakati pathu, choncho ifenso tinawachotsa m'bungwe la amayi, mitima ili mbee. Anasamukira pa benchi yakumbuyo, namasesa tchalitchi Loweruka lililonse popanda wowatuma. Mchemwali wawo akawakakamiza kuti adziyeretse, ankangoti, "Mulungu akulidziwa dzinalo, achemwali. Sanayambe wandifunsapo."

Mtsikana uja anamaliza maphunziro, anakwatiwa, mpaka anakhala wapampando wa bungwe lomwe lija. Lamulungu lililonse Amayi Chete ankaima pakhomo, moni uli pakamwa, kudikira kuti iye ayambe. Iye ankadutsa akukonza mpango wake. Zinkawapweteka, n'kubisiranji, ndipo ena tinkawaona akupukuta m'maso n'kumati ndi chikumbumtima cha bodza lija. Zaka makumi awiri ndi zitatu zinatha choncho.

Anamwalira mwezi wathawu, Loweruka masana, atamaliza kusesa. Tinawapeza atakhala pa benchi yawo, tsache lili pamiyendo, nkhope ili phee, yoyang'ana kukhomo.

Pa maliro, wapampando uja ndiye anayenera kulankhula m'malo mwa bungwe. Anaima, pepala lili m'manja, kenaka analisiya pansi. Anatiuza zonse, natchula mphunzitsiyo, amene tinamuika ndi ulemu wonse zaka zisanu zapitazo. Atatero anagwada pambali pa bokosi nati, "Moni, amayi."

Akhristu anzanga, umo ndi mmene munthu wa Mulungu amasungira chimene wasungitsidwa. Moni uja tinaumva tonse, kupatula amene anaudikira.