Mbuzi ya Bere ya a Bonifasi

A Bonifasi Kadzakumanja, a m'mudzi wina kufupi ndi Kasina, anali ndi mawu oti akayamba kuyimba kutsidya kwa dambo, agalu a tsidya lino ankayankha. Anakulira m'kwaya ya ku mishoni masiku amene Misa inkayimbidwa m'Chilatini, ndipo Chilatinicho ankachitafuna ngati nzimbe ngakhale sankamvapo liwu ndi limodzi lomwe.

Chinawachotsa m'kwaya ndi masese. Tsiku lina ali pamowa anatenga nyimbo ya maliro ya m'tchalitchi, n'kuikamo mawu awoawo olira chipanda chimene chinali chitangotha. Anthu anaseka mpaka misozi, koma mmodzi mwa osekawo anali mlamu wa akatekisiti. Lamulungu lotsatira a Bonifasi anauzidwa kuti azikhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Iwo sanadandaule. Anatola galoni ya mafuta, chikopa cha mbuzi ndi mawaya a buleki ya njinga, n'kukhoma banjo. Kuyambira pamenepo ankayimba kulikonse kumene awaitana: paukwati, pachinkhoswe, pamowa wogulitsa, ngakhale padima anthu akaweruka kumunda.

Anthu ankati a Bonifasi akudya bwino. Amene ankadziwa zoona anali akazi awo, a Jesinta. Kwina ankawalipira kabichi, kwina chitini cha kachewere wotsala posankha, kwina mutu wa mbuzi wochotsa kale lilime. Kawirikawiri ankangowamwetsa, malipiro onse n'kufika pakhomo akudzandira.

"Bambo a Veronika, lero mwabwera ndi chiyani?" ankafunsa a Jesinta.

"Ulemu, mayi. Anthu anawomba m'manja mpaka zikhatho kutupa."

"Chabwino. Ulemuwo ndiuthire tomato kapena nsinjiro?"

Chaka china, ndalama ya kwacha itangoyamba kumene, pakhomo pa a Bonifasi panafika a Yeremiya Chimbalanga, apampando a chipani m'dera lonselo. Masiku amenewo munthu wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika, ndipo makhadiwo ankagulitsa ndi a Yeremiya. Mwana wawo wamkazi ankakwatiwa ndi mphunzitsi, choncho ankafuna ukwati woti umveke mpaka ku Mphunzi.

"Mukayimba bwino ndikupatsani mbuzi," anatero a Yeremiya. "Yaikazi, ya bere."

A Jesinta, amene ankamvera ali kuseri kwa nkhokwe, anayamba tsiku lomwelo kudula mitengo ya khola.

Paukwatipo a Bonifasi anayimba ngati sadzayimbanso. Anatamanda mkwati, anatamanda mkwatibwi, anatamanda ngakhale njinga ya apampando. Agogo oyendera ndodo anataya ndodo zawo n'kulowa m'bwalo. Pofika madzulo mawu anali atasasa, zala zitatupa. Anapita kwa mwini ukwati, chipewa chili m'manja.

A Yeremiya anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa khadi la chipani latsopano.

"Ili ndakupatsani ulere. Kuyimbira apampando n'kutumikira dziko, a Kadzakumanja. Kapena inu mumafuna dziko lizikulipirani?"

Funso lotere silinkayankhidwa. A Bonifasi analandira khadilo ndi manja awiri, n'kubwerera kwawo, kumene anapeza khola latsopano lili chotsegula ndi a Jesinta ataima pambali pake ndi chingwe.

Kwa masiku angapo sanakhudze banjo. Zinkawawawa, makamaka akamadutsa kwa apampando n'kuona mbuziyo ikudya msipu, mimba ili mbali ndi mbali. Kudandaula poyera kunali kudziitanira tsoka. Koma kutamanda kokha palibe ankaletsa. Ndiye pamowa wotsatira anakunga mawaya, n'kuyamba ndi nkhope ya munthu wopemphera:

"Apampando athu ndi achifundo,
mbuzi yanga akundiwetera ulere,
ikaswa andisungiranso ana,
Mulungu awadalitse apampando."

Kenako mayi wina anaphulika n'kuseka, bwalo lonse n'kutsatira. Sipanatenge nthawi, nyimboyo inafika kudimba, kuchitsime, mpaka kusukulu kumene mkamwini wa apampando ankaphunzitsa.

Mmawa wina panafika anyamata a yufi, asilikali a chipani, malaya ofiira, zibonga m'manja. A Bonifasi ankadziwa anthu amene anatengedwa chifukwa cha nkhani zochepa kuposa iyi, osaonekanso. A Jesinta anawaponyera bulangete paphewa, anyamatawo n'kuwatenga.

Anawapeza a Yeremiya atakhala pakhonde, nkhope ili ndwii.

"A Kadzakumanja, mukunyoza chipani."

"Ine, bwana? Liwu lonyoza ndi liti? Ndinati ndinu achifundo. Ngati ndinalakwitsa, ndiuzeni ndikakonze, ndiziyimba kuti chifundo mulibe."

Mnyamata mmodzi wa yufi anatsamwa ndi phwete, n'kunamizira chifuwa. Kuti a Bonifasi atumizidwe kuboma, kukanafunika kuti a Yeremiya eni ake akaimirire pamaso pa akuluakulu, ayimbe nyimboyo, afotokozenso za mbuzi.

Mlanduwo anaudula ndi akazi a apampando, a Magadalena. Anatulukira kuseri kwa nyumba akukoka mbuzi pachingwe.

"Ine ndatopa," anatero, akuyang'ana amuna awo. "Ndikangofika kuchigayo amayi onse amayamba kulira kuti mee. M'tchalitchinso dzana wina analira kumbuyo kwanga nthawi ya chopereka. A Kadzakumanja, tengani chinthu chanuchi muzipita."

Mbuziyo inali itaswa kale, ndipo tiana tiwiri tinkalira m'khola. A Bonifasi anatsegula pakamwa kuti afunse za tianato, anayang'ana zibonga, n'kutsekanso. Analonjeza kuti nyimboyo sadzaiyimbanso, ndipo anasungadi lonjezo. Amene ankaiyimba anali anthu ena onse.

Atafika kwawo ndi mbuzi kudzanja lina, bulangete kudzanja lina, a Jesinta anaisisita pamimba n'kufunsa kuti, "Bere lija lili kuti?" Koma madzulo ake anawaphera nkhuku.

Kuchokera nthawi imeneyo eni maukwati ankalipira a Bonifasi asanakunge n'komwe mawaya. Nkhuku inkamangidwa pamtengo iwo akuona, thumba la chimanga linkatsogola pangolo. Sikuti anthu anayamba kulemekeza oyimba ayi. Ankangoopa kutamandidwa.

Kulemera sanalemere. Anayimba mpaka mano akutsogolo atagweluka, ndipo zonse zimene banjo inawapezera zinakwanira fizi ya Veronika ndi malata ofolera theka la nyumba. Theka linalo linakhalabe la udzu wothonya. Mvula ikamagwa, banja lonse linkasamukira mbali ya malatayo, mothinana ngati kachewere m'thumba, ndipo malo ouma kuposa onse a Bonifasi ankagonekapo banjo.