Tiyi wa mdzukulu wanga m'mbale yomata

Foni inalira ndikupukuta mawindo pamwamba pa nyumba yathu yosanja kuno kunja ku North York, kumene mbalame zimauluka mmunsi mwa ife. Anali mdzukulu wanga wamkazi, wobadwira konkuno, amene Chichewa chake chimayenda chopunduka.

"Agogo! Aphunzitsi andilola. Ndipanga tiyi wa alendo. Inu mlendo wamkulu!"

Ndinavina ndi kansanza m'manja, ee, ndinavina! Mwanayu wakhala zaka akupita kwa mayi wina wachijapani kukaphunzira tiyi. Ine ndinkaseka. Tiyi amaphunzira? Ine ndinakulira kuthyola tiyi ku Thyolo, dengu kumsana, mame m'miyendo, ndipo palibe anandilowetsa m'kalasi. Koma mayi wake, mwana wanga amene ndi nesi, anandikhazika pansi.

"Amayi, tsiku limeneli aphunzitsi adzakhala akumuona chilichonse. Mlendo akalakwitsa, manyazi ndi a mwana. Musakayankhule mokweza. Shuga musatenge."

"Tiyi wopanda shuga? Kodi kuli maliro?"

"Amayi!"

Ndinalonjeza. Mumtima ndinati, Ambuye gwirani pakamwa panga, ndisakamuchititse manyazi mwana.

Ine ndi mwana wanga tinakwera sitima yapansi panthaka, kenako basi, ine nditavala chilundu changa cha kutchalitchi. Tinavula nsapato pakhomo pa aphunzitsi. Kachipinda kake inu, kopanda kanthu! Mphasa zosalala, duwa limodzi lokha m'kabotolo ka nsungwi, ndi mphika wachitsulo ukulira pang'onopang'ono ngati mphepo ya m'mapaini. Duwa limodzi, koma maso anga anakana kulisiya. Aphunzitsi, mayi wachikulire wochepa thupi, anakhala pakona osagwedezeka.

Chitseko chinatseguka chotsetsereka, ndipo mdzukulu wanga anali atagwada. Wagwada! Mwana amene amandipatsa madzi ataima, maso ali pafoni, lero wagwada, mphumi pafupi ndi mphasa. Anapukuta kasupuni ka nsungwi ngati akusambitsa khanda. Anatunga madzi, madziwo nkumveka akugwa, dontho lomaliza nalonso kumveka. Ufa wa tiyi unali wobiriwira ngati chigwada chosinja. Anatakasa ndi katsache ka nsungwi mpaka thovu, nkundiikira patsogolo.

Apo mtima wanga unagwa. Mbale yake inali yakuda, yopindika mlomo, ndipo inali yosweka nkumata. Mzere wa pomatapo unkaonekera poyera!

Kwathu mlendo timamutulutsira makapu a m'kabati yagalasi, amaluwa, osakhudzidwa ndi mwana. Kapu yong'aluka ndi yotungira madzi a nkhuku. Ndinati kodi mayiyu watiyeza ndife ayani? Wampatsa mdzukulu wanga chigoba kuti amwetsere agogo ake? Mawu anafika pakhosi. Dzanja langa linayamba kale kuikankha mbaleyo.

Ndiye ndinaona mdzukulu wanga, manja ali pamaondo. Sanandiyang'ane, koma khutu lake lonse linali kwa ine. Ndinameza mawu aja, anatsika ngati mwala. Ndinainyamula ndi manja awiri, nkuitembenuza m'chikhatho monga anandiphunzitsira kunyumba, nkumwa.

Kuwawa! Kenako kuwawako kunatseguka, mayo ine, ndinamva fungo la m'munda m'mawa mvula itakata, fungo lomwe linkatsala m'zala zanga. Zaka zonse zija ndinkamwa tiyi wakuda wa mkaka, osadziwa kuti tsamba lenilenilo limakoma chonchi likadali ndi mtundu wake. Ndinamwa mpaka thovu lomaliza.

Titamaliza, aphunzitsi anasendera pafupi, nkuyankhula motsitsa, mwana wanga akumasulira. Akuti mbale iyi inali ya mayi awo. Inagwa, inasweka, ndipo sanaitaye. Anaipereka kwa mmisiri amene anailumikiza ndi utomoni nkuwaza golide pamzerepo, kuti pomwe inavulala pazioneka. Akuti saitulutsa wamba. Anaisankha okha atamva kuti kukubwera munthu amene manja ake anathyolapo tiyi.

Golide! Ine ndimayesa guluu wachikasu! Ndinaigwiranso, tsopano mwamantha, chala chikutsata mzere uja kutsika, kukhota, kukwera ngati kanjira ka kuphiri. Ndikanaikankha, ndikanakankha mayi ake a munthu.

Aphunzitsi anatembenukira mdzukulu wanga nkuweramitsa mutu pang'ono. Basi, pang'ono pokha. Mwana anatulutsa mpweya, misozi mbwee.

Nthungululu inandikwera kuchokera m'mimba. Ndinaitsekera ndi mano, ndinavala nsapato nayo, ndinatsika masitepe nayo. Titangofika poimika magalimoto ndinaimasula yonse, mpaka bambo wina woyenda ndi galu anaima.

"Agogo, munakonda?"

"Iwe, wandimwetsa munda wonse!"

"Osafuna shuga?"

"Usandiyese, mwanawe. Mawa m'mawa ndithira masupuni anga."

Madzulo ake, nkhani itamveka, nyumba yathu inadzaza. Anabwera mkamwini wanga atangoweruka kubanki, tayi ili m'thumba. Anabwera amayi a ku Chipata a pansi pathu ndi mandasi m'beseni, anabwera amayi busa ndi amuna awo, anabwera mlongo wanga wa ku Oshawa pa sitima ndi ana ake osamva Chichewa, anabwera manesi anzake a mwana wanga asanavule yunifolomu, ndi mnzanga wa ku Mulanje amene tinkathyola naye limodzi, ndodo m'manja, akufuula ali pakhomo kuti, "Mbale yagolideyo ili kuti, ndimwerepo nanenso!"