Masiku a ganyu ndi masiku a sukulu

Chaka cha njala chija ndinali Folomu 4 pasekondale yoyendera, kufupi ndi Nkaya. Tinatsegulira sukulu kalasi ili yodzaza, koma pofika Febuluwale mabenchi akumbuyo anali opanda anthu. Ine ndinkakhala benchi limodzi ndi mtsikana wina wa ku Chiuta, mwana wa msodzi, amene ankakhala kwa azakhali ake. Masamu ankawamva msanga kuposa tonsefe. Akamawerengera ankanong'ona m'Chiyao, moti nanenso ndinadziwira pomwepo manambala a Chiyao.

Aphunzitsi athu a masamu anali bambo wamtali, wosakonda zolankhulalankhula. Sabata imeneyo ankatiphunzitsa kulemba malire a zinthu ndi x ndi y: chakuti chisapitirire apa, chakuti chisachepere apa. Unkajambula mizere pagirafu n'kudetsa mbali yosaloledwa, ndipo malo oyera otsala pakati ndiwo anali mayankho. Chitsanzo cha m'buku chinali cha malole onyamula simenti. Anachiwerenga n'kutseka bukulo.

"Aliyense apange funso lake, la zakwawo," anatero.

Ine ndinalemba za chimanga ndi nandolo m'munda mwathu. Mnzangayo analemba kanthawi, kenako anakweza mkono.

"Aphunzitsi, langali likukana."

Atabwera kudzaona, nanenso ndinasuzumira. Masiku a ganyu anali x, a sukulu y. Onse pamodzi asapitirire asanu ndi limodzi pasabata. Kuti pakhomo papezeke madeya, ganyu asachepere masiku anayi. Kuti ahedi asamufufute m'kaundula, sukulu isachepere masiku atatu. Girafu yonse inali yakuda ndi pensulo.

"Ndalakwitsa pati?" anafunsa.

Aphunzitsi anatsata mzere uliwonse ndi chala, pang'onopang'ono.

"Iyayi, sunalakwitse. Mafunso ena amatero, malo oyera sapezeka."

Anamuchongera n'kubwerera kutsogolo, koma sanalembenso kanthu pabolodi mpaka belu linalira.

Poweruka tinayenda motsata njanji. Mnzangayo anatulutsa mango awiri osakhwima, owiritsa, n'kundipatsa limodzi. Anandiuza kuti azakhali ake akuganiza zopita ku Mozambiki, kumene ganyu ankalipira chinangwa. Ndinamuuza kuti ndizimulembera manotsi. Anaseka, akuti zolemba zanga siziwerengeka.

Kusukulu anabwerabe masabata awiri, Lolemba ndi Lachiwiri lokha. Sabata yachitatu sanaoneke. Loweruka ndinapita kwa azakhali akewo ndi kope la manotsi, ndipo ndinapeza chitseko chomanga ndi luzi. Mayi wa nyumba yoyandikana anati iye ndi azakhali akewo anakwera sitima ya ku Nayuchi, kumalire a Mozambiki.

Aphunzitsi anapitiriza kuitana dzina lake m'mawa uliwonse mpaka teremu inatha. Mayeso ndinalemba, masamu ndinakhoza, koma ndinasowa womuuza amene akanamvetsa kuti funso lachisanu linali lovuta motani.

Mpaka lero ndikatsika minibasi pa Liwonde ndimapita kwa amayi ogulitsa nsomba za ku Chiuta n'kuwafunsa za iye. Mayi wina anandiuzapo kuti akumudziwa, anakwatiwa kutsidya kwa nyanja ndipo ali ndi ana akuluakulu. Mnzake amene anakhala naye pafupi anapukusa mutu, akuti ameneyo ndi wina.