Wailesi, Wometa Uja

Dzina lake lenileni ankalidziwa ndi mayi ake okha. Msewu wonse unkangoti Wailesi. Anali wometa tsitsi, kachipinda kake kali pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa makala. Munalibe zambiri mmenemo: mpando umodzi, galasi long'aluka pakona, benchi, makina ometera ndi botolo la spiriti. Koma pakamwa, abale inu! Akangomva mawu ako kamodzi, mawa lake unkawapeza ali m'kamwa mwake, ndi katsokomoledwe kako komwe. Ana oopa makina ankawameta akuseka, osadziwa kuti tsitsi latha kale. Ena ankabwera ndi mpala wawo, kudzangokhala pabenchi.

Anatembenuka mtima ali ndi mwana mmodzi wamkazi, ndipo anatembenuka zenizeni, osati zachiphamaso. Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, anzake anamuzungulira, iye akuyerekezera mmene Zakeyu anatsikira mumtengo, kamunthu kafupi kakufufuza nthambi ndi phazi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mkulu wa mpingo wina, bambo wamtali wosayankhulayankhula, anadutsa nkhope ili gwa.

"Achimwene, tachepetsani phokoso," anatero, n'kumapita.

Wina akanangoti pepani, nkhani n'kuthera pomwepo. Wailesi anapita nawo mawuwo kunyumba, n'kuwasinkhasinkha mpaka anapeza zimene mkuluyo sananene: kuti Mulungu ali ndi mtundu wa anthu amene amawakonda, ndipo iye sali m'gulu limenelo. Anayamba kuyenda ngati mkulu uja, manja kumbuyo, mawu apansipansi. Popemphera sankalapanso machimo okha, ankapepesa ngakhale mmene analengedwera.

"Bambo a mwana, kodi mwadwala?" anafunsa mkazi wake.

"Ayi, ndikukula mu uzimu."

"Kukula kwake kumeneku? Ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati chitseko."

Benchi ija inayamba kukhala yokha. Zimenezo zinalibe kanthu, poti tsitsi silisiya kumera ndipo ometetsa ankabwerabe. Chopweteka chinali mwana. Mtsikanayo anatengera bambo ake ndendende: ankayerekezera aphunzitsi, amalume ake, ngakhale wosoka nsapato akamakangana ndi misomali. Wailesi ankamva kuseka kukukwera pakhosi, n'kukumeza, kenako n'kunena kuti, "Mwana wa Mkhristu satero." Ankanena zimenezi chifukwa chomukonda, pofuna kuti Mulungu amulandire. Tsoka lake linali pomwepo.

Atakula, mtsikanayo anasiya kupita kutchalitchi. Sanachite mwano ayi. Anangoti, "Ababa, Mulungu wanuyo ine sindingamukwanitse. Bola ndisamamusowetse mtendere."

Wailesi anamupempherera zaka ndi zaka kuti abwerere. Anasala kudya, anapempha a mpingo kuti amuthandize kupemphera. Mwana anakwatiwa, anabereka, osabwerera.

Imvi zitamera, tsiku lina anamuitana kuti akamete mkulu wa mpingo uja, amene tsopano anali chigonere. Wailesi anamukhazika mkuluyo pampando pafupi ndi zenera, n'kumumanga nsalu m'khosi. Makina ali pakati pa mutu, mkuluyo anayamba kuseka yekha.

"Kodi si inu munkachita za Zakeyu zija? Ha! Ine ndinkati ndikafika kunyumba n'kumayeserera pamaso pa mayiwa, koma osatha. Ndinkakusirirani, achimwene. Munasiyiranji?"

"Munandiletsa ndinu, bambo."

"Ine? Liti?"

Akazi awo, amene ankapinda zovala pabedi, anati, "Kapena ndi nthawi ija dzino linkakusautsani. Munkakalipira ngakhale mphaka."

Wailesi anamaliza kumeta. Dzino! Moyo wake wonse anaupinda chifukwa cha dzino la munthu wina. Sanawakwiyire mkuluyo. Anadzimvera chisoni, chisoni chosakanikirana ndi manyazi, poti m'zaka zonsezo anafunsa aliyense mmene Mkhristu amayendera, kupatula Mwiniwake amene anamupatsa pakamwa pamenepo.

Sanabwererenso kuntchito. Ndi chikwama cha makina m'manja, analunjika kwa mwana wake. Ankafuna kukamuuza kuti wolakwitsa anali iyeyo bambo ake, osati Mulungu. Kuti abwerere kwa Mulungu mmene alili, ndi phokoso lake lomwe.

Ali pakhonde anamva mdzukulu wake, kamtsikana ka sukulu, kakuyerekezera munthu wina m'nyumbamo, mayi ake akuseka chikhakhali mpaka kutsamwa. Anaima kaye kumvetsera, misozi ili lengelenge. Kenako anagogoda.

M'nyumba munangoti zii.

"Khala bwino, agogo abwera," anamva mwana wake akunong'ona.

Anamulandira mwaulemu wonse. Anamupatsa mpando wabwino, anazimitsa kanema, anamufunsa za miyendo. Mdzukulu anakhala pakona manja ali pamaondo. Mawu onse amene Wailesi anakonza m'njira anamuthawa. Anangoyesa kumwetulira, n'kuweramira kwa mdzukuluyo.

"Mumaseka chiyani, mayi? Tandiuzeniko nanenso."

Kamtsikanako kanayang'ana mayi ake, kenako pansi.

"Pepani agogo, sitimadziwa kuti mukubwera," kanatero. "Musakatinenere kwa Mulungu."